Posankhira wophunzira chifefe: yopepuka siyo yofatsa

Chimanga chikayamba kukhwima m'minda ya ku Macanga, Chifunde ndi Marávia, tulo ta alimi timachepa. Masana anyani amatsika m'mapiri, usiku nguluwe zimalowa m'mbatata ndi m'chinangwa, m'bandakucha nkhanga zili m'munda wa mtedza. Mabanja ambiri amalondera ndi agalu, malegeni ndi zitini zogogoda. Koma m'midzi ina mumapezeka bambo mmodzi kapena awiri amene ali ndi mfuti ya chifefe ya chiphaso, ija m'Chipwitikizi amati caçadeira, ndipo mudzi wonse umayang'ana kwa iwowo zilombo zikavuta.

Ambiri mwa abambo amenewa akukalamba. Maso ayamba kuchita chidima, miyendo ikukana phiri. Tsono funso limene limafika pakhomo ndi lakuti ndani adzalandire ntchitoyi, mwana wawo kapena mwana wa mlongo wawo, ndipo adzaphunzire ndi mfuti yotani.

Apa anthu amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amangopatsa mnyamata mfuti yaitali ya bambo ake ndi chipolopolo champhamvu, amvekere lero tione ngati uli mwamuna. Ena, pomumvera chisoni, amasakasaka kamfuti kakang'ono kopepuka, poganiza kuti kamfuti kochepa kamakankhanso mochepa. Njira zonse ziwiri zimathera pamodzi: phewa lotupa, tsaya lofiira, ndi mnyamata amene wayamba kuopa chida chimene wagwira. Munthu woopa mfuti yake amatsinzina asanawombere, amagwetsa mpope pansi, amalasa nyama mwendo m'malo moipha, ndipo tsiku lina amalasa chimene sadachione. Chizolowezi chotere chikalowa m'thupi chimavuta kuchotsa. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Chiphaso chisanabwere palibe phunziro

Nkhondo idatha ndi pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma zida zambiri zidatsala m'mapanga, m'maenje ndi m'madenga a nyumba. M'chaka cha 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayambitsa ntchito yolandira mfuti n'kumapereka makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfuti yotere, yofukulidwa pansi kapena yogulidwa mumdima, njira yake ndi yakupolisi. Siyophunzitsira mwana wa munthu.

M'chaka cha 2007 boma lidakhazikitsa malamulo a zida ndi zipolopolo otchedwa Decreto 8/2007. Chiphaso chosungira ndi kunyamula mfuti chimaperekedwa ndi apolisi, chimalembedwa dzina la munthu mmodzi ndi nambala ya mfuti yake. Sichibwerekedwa, ndipo mwini wake akamwalira sichigwera mwana monga limagwera khasu kapena njinga. Banja liyenera kukanena kupolisi kuti mfuti ya malemu ilipo. Mwana wamng'ono salandira chiphaso. Choncho bambo amene akufuna kuphunzitsa mnyamata ayambe wapita ku Comando ya boma lake, kaya ku Furancungo, ku Fíngoè kapena ku Ulónguè, akafunse msinkhu umene lamulo likulola ndi njira yovomerezeka yophunzitsira. Safunsa adadya phula.

Chiphaso cha mfuti sichikhalanso chilolezo chosaka nyama. Kusaka kuli ndi pepala lakelake, nyengo yake, ndi mndandanda wa nyama zoletsedwa. Lamulo loteteza zachilengedwe la 2014, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, lidaika zaka zofika 16 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa. Ndipo anthu a m'malire akumbukire kuti pepala la ku Moçambique mphamvu yake imathera pa malire. Ku Lizulu, kumene msewu weniweniwo ndiwo malire, munthu akangowoloka ndi mfuti paphewa wapalamula mlandu ku Malawi, ngakhale akungotsata nkhanga imene yagwera tsidya linalo. Ndi chimodzimodzi ku Calómuè, ku Zóbuè ndi ku Cassacatiza.

Nambala yaikulu, mpope waung'ono

Chifefe chimasiyana ndi mfuti yankhondo. Mkati mwa mpope wake ndi mosalala, ndipo chipolopolo chake, chimene ogulitsa amati cartucho, chimanyamula timipira tambirimbiri ta mtovu, machaka aja, amene amamwazika akatuluka. Pa mpope pamadindidwa nambala: 12, 16, 20, 28 kapena .410. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti nambala ikamakwera mpope umachepa.

Kawerengedwe kameneka n'kakale. Amisiri ankatenga mtovu wolemera paundi imodzi, ndiye kuti magalamu 454, n'kuugawa m'timipira tofanana. Akagawa timipira 12, kampira kamodzi n'kukwana ndendende mumpope, mfutiyo inkatchedwa nambala 12. Akagawa timipira 20, kalikonse kamachepa, ndiye kuti mpope wa nambala 20 ndi wochepa. Poyeza m'kamwa mwake, nambala 12 ili ndi mamilimita 18.5, nambala 16 ili ndi 16.8, nambala 20 ili ndi 15.6, pamene nambala 28 ili ndi 14. Ya .410 yokha ndiyo idapatsidwa dzina potsata muyeso wa inchi. M'kamwa mwake ndi mamilimita 10.4, ndipo ogulitsa olankhula Chipwitikizi amaitchanso calibre 36.

Mpope waukulu umalandira machaka ambiri. Chipolopolo cha nambala 12 chimapezeka cha magalamu 24, 28, 32, 36 ndi kupitirira. Cha nambala 20 nthawi zambiri chimakhala cha magalamu 24 mpaka 28. Cha nambala 28 chimakhala cha magalamu 21. Cha .410 chachifupi chimanyamula magalamu 14 okha. Kulemera kumeneku kumalembedwa pa bokosi, kawirikawiri ndi pa chipolopolo chomwe, ndipo kwa wophunzira nambala imeneyi ndi yofunika kuposa imene idadindidwa pa mpope.

Kumene theche limachokera

Amene adaolokapo Zambezi pa bwato akudziwa zimene zimachitika munthu akalumphira kumtunda. Ngati bwato ndi laling'ono, limathawira m'mbuyo mwamphamvu, mwina wolumphayo n'kugwera m'madzi. Ngati ndi lalikulu lodzaza matumba a chimanga, limangogwedezeka pang'ono. Munthu ndi yemweyo, kulumpha n'komweko, chasiyana ndi kulemera kwa bwato.

Mfuti ndi bwato, machaka ndiwo wolumpha. Wonga ukayaka umakankhira machaka kutsogolo pa liwiro la mamita pafupifupi 380 kapena 400 pa sekondi, ndipo mphamvu yomweyo imakankhira mfuti kumbuyo, kumene kuli phewa. Zinthu zitatu ndizo zimalamula kukula kwa theche limeneli: kulemera kwa machaka, liwiro lawo, ndi kulemera kwa mfuti. Nambala ya mpope payokha mulibe m'masamu amenewa.

Masamuwo amatuluka motere. Chipolopolo chimodzimodzi chikawombedwa mu mfuti ya makilo 3.5, kenako mu ina ya makilo 2.5, yopepukayo imamenya phewa ndi mphamvu yoposa inzake ndi magawo 4 pa magawo 10. Komanso mu mfuti imodzimodzi, munthu akasiya chipolopolo cha magalamu 32 n'kutenga cha magalamu 24 cha liwiro lofanana, theche limatsika ndi magawo pafupifupi 4 pa 10. N'chifukwa chake kamfuti kopepuka ka nambala 20 kokhala ndi chipolopolo cha magalamu 28 kamapweteka kuposa mfuti yolemera ya nambala 12 yokhala ndi cha magalamu 24. Bambo amene adagula kamfuti kaja pomvera mwana chisoni amakhala atagula theche lalikulu ndi ndalama zake.

Wina asaganize kuti magalamu 24 ndi masewera. Pa mipikisano ya Olimpiki, akatswiri owombera timbale tadothi touluka saloledwa kupitirira muyeso umenewu, koma amaswa timbaleto tikuthamanga m'mwamba kutali ndithu. Njiwa, nkhwali ndi kalulu zimagwa bwinobwino ndi magalamu 24 ngati wowomberayo wayandikira ndipo walunjika.

Itatu imene imatchulidwa kawirikawiri

Mfuti ya .410 ndiyo imakopa makolo. Ndi yowonda, yopepuka, ndipo theche lake n'lochepadi. Vuto lake lili pa kuchepa kwa machaka. M'chipolopolo cha magalamu 28 cha machaka ang'onoang'ono, aja olembedwa 7½, mumakhala timipira pafupifupi 350. M'cha .410 cha magalamu 14 mumakhala theka lake. Ukonde wa maso akuluakulu nsomba zimapyola. Pa mtunda wopitirira mamita 20 kapena 25 machaka ake amakhala atamwazika kwambiri, mbalame n'kudutsa pakati kapena kuthawa ndi bala. Wophunzira akaphonya kasanu motsatizana amataya mtima, n'kuyamba kuganiza kuti alibe dzanja. Alenje odziwa amaiona .410 ngati mfuti ya katswiri. Kwa wophunzira wa thupi laling'ono imathandiza pa chinthu chimodzi: kuzolowera kulira kwa mfuti powombera chinthu choima pafupi. Zipolopolo zakenso, ngakhale n'zazing'ono, nthawi zambiri zimadula kuposa za nambala 12.

Nambala 20 ndiyo aphunzitsi ambiri a ku Ulaya ndi ku America amasankhira achinyamata ndi amayi oyamba kumene. Mfuti yake imakhala yowonderapo, dzanja laling'ono limaigwira bwino, ndipo ndi chipolopolo cha magalamu 24 imagwetsa mbalame pa mamita 30. Ikalemera makilo pafupifupi 3 theche lake limapiririka. Nambala 28 ndi yofatsa kuposa pamenepa, koma zipolopolo zake n'zosowa ndiponso zodula.

Nambala 12 ndiyo yofala padziko lonse, ndipo m'midzi yambiri ndiyo ili kale pakhomo. Zipolopolo zake ndizo zimapezeka msanga kwa ogulitsa ovomerezeka, za milingo yosiyanasiyana. Mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe, choncho munthu asanapereke ndalama zake pa nambala 20 kapena .410 afunse kaye ngati wogulitsayo amakhala nazo zipolopolo zake chaka chonse. Ngati yankho n'lokayikitsa, nzeru ndi kukhala pa nambala 12 yomweyo, kugula zipolopolo zopepuka za magalamu 24 kapena 28, ndi kukonza mpini kuti ukwane wophunzirayo. Mnyamata wa msinkhu woti n'kusenza thumba la chimanga angathe kuphunzira bwino ndi mfuti yotere. Amene sangathe kuinyamula paphewa osanjenjemera mikono, nthawi yake siinakwane, adikire chaka china.

Mpini ukwane mwini wake

Mwana akamayamba kulima amamusemera mpini waufupi, chifukwa khasu la bambo limamugwetsa chagada. Mfuti nayo ili ndi mpini, thabwa lija limatsamira paphewa. Pa mfuti ya munthu wamkulu, kuchokera pa kachitsulo kowombera kufika kumapeto kwa thabwa pamakhala masentimita pafupifupi 36. Pa mfuti zopangira achinyamata pamakhala 30 mpaka 33. Kusiyana kwa zala ziwiri kapena zitatu kumeneku kumasintha zonse.

Mpini ukatalika, wophunzira amapendamira kumbuyo kuti aufikire. Thabwa limatsamira pa mkono m'malo mwa dzenje la phewa, tsaya limachoka pa thabwa, ndipo mfuti ikalira imapeza mpata wothamangira isanamenye thupi. Imeneyo ndiyo imasiya chilonda. Mpini ukafupika kwambiri, chala chachikulu cha dzanja lake lomwe chimamumenya pamphuno.

Poyeza, mfuti ikhale yotsegula, yopanda kanthu mkati, ndipo onse awiri aone ndi maso kuti mulibe kanthu. Alenje akale ankaika thabwa m'kati mwa chigongono n'kuona ngati chala chikufika pa kachitsulo kowombera. Muyeso umenewu ndi wongoyambira. Woona ndi wapaphewa: wophunzira akweze mfuti, agoneke tsaya pa thabwa, ndipo pakati pa mphuno ndi chala chachikulu patsale mpata wa zala ziwiri. Diso liyang'ane motsata msana wa mpope popanda kukweza mutu.

Ngati mpini ndi wautali, mmisiri wodziwa angathe kudulako kumapeto, mwini wake atafunsa kaye kupolisi. Chidutswa chodulidwacho chisungidwe kuti chidzabwezeredwe mnyamata akakula. Kumapetoko kuikidwe mphira wofewa. Mphira umenewu umagwira ntchito ya nkhata pamutu: mtolo sunachepe, koma sukupweteka. Mafakitale ena amagulitsa mfuti za achinyamata zokhala ndi zidutswa zoonjezera pa mpini, kuti mfuti izikula pamodzi ndi mwini wake.

Mpope wokha usakhudzidwe ndi sowo. Mfuti za akuluakulu zimakhala ndi mpope wa masentimita 71 kapena 76, za achinyamata 51 mpaka 61, ndipo zazifupizi ubwino wake ndi wakuti sizilemera kutsogolo, kumene mkono wa wophunzira umatopera. Koma kufupikako kuchokere ku fakitale. Kukamwa kwa mpope kudapangidwa kopanikizika pang'ono kuti machaka asamwazike msanga. Wodula mpope amataya mbali imeneyi, amapeputsa mfuti n'kukulitsa theche, amayandikizitsa phokoso kukhutu, ndipo amatsala ndi chida chosiyana ndi chimene chidalembedwa pa chiphaso chake.

Yothyoka pakati kapena yodzitchera

Chifefe cha mpope umodzi chothyoka pakati, monga Baikal ya ku Izhevsk ku Russia kapena zija za ku Brazil za Rossi ndi Boito, ndicho chotsika mtengo ndiponso cholimba. Kwa wophunzira chili ndi ubwino waukulu: chimalowa chipolopolo chimodzi, ndipo chikathyoledwa aliyense amaona ali patali kuti sichingalire. Kuipa kwake ndi kupepuka, pakuti zambiri sizifika makilo 3. Ndi chipolopolo cha magalamu 36 chimamenya ngati bulu. Mfuti yotere imafuna chipolopolo chopepuka ndi mphira kumpini. Zina zili ndi kanyundo kakunja kokoka ndi chala chachikulu. Kanyundo kameneka kamalimba, ndipo chala cha mwana chikaterereka pokabweza, mfuti imalira yokha. Mphunzitsi ayese mphamvu ya chala cha wophunzira pa mfuti yopanda kanthu asanaganize zoikamo chipolopolo.

Cha mipope iwiri chimalemererapo, motero chimafatsa, ndipo nachonso chimathyoka pakati. Pophunzitsa muziikidwa chipolopolo chimodzi chokha.

Chokoka ndi dzanja lakutsogolo, monga Remington 870 imene idayamba kupangidwa mu 1950 kapena Mossberg 500, chimasunga zipolopolo zingapo m'kampope kapansi. Chimafuna mkono wautali wofika pa chokokeracho, komanso chimabisa zimene zili m'mimba mwake, kotero kuti munthu angaganize kuti chatha pamene chatsala chimodzi. Chodzitchera chokha ndi mpweya wa wonga, monga Remington 1100 ya mu 1963, ndicho chofatsa koposa zonse, chifukwa makina ake amagawa theche kuti lifike paphewa pang'onopang'ono. Koma n'chodula, chimafuna kutsukidwa pafupipafupi, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala sichigwirizana nalo. Ndiponso chikangolira chimakhala chatchera kale china, pamene wophunzira wokondwa akutembenuka kuti aone nkhope ya bambo ake.

Zipolopolo zimene zimaphulitsa mfuti

Pakhomo pamene pali mfuti ziwiri, ya 12 ya bambo ndi ya 20 ya wophunzira, pamabadwa ngozi imene alenje a m'maiko onse amaidziwa. Chipolopolo cha 20 chikalowa mu mfuti ya 12 chimatsetserekera m'kati mwa mpope n'kukakamira chapakati. Woyang'ana amaona ngati simunalowe kanthu, n'kuikamo cha 12 pambuyo pake. Ikalira mpope umang'ambika pamene pali dzanja lamanzere. Pofuna kupewa zimenezi mafakitale ambiri amapanga zipolopolo za 20 zachikasu. Komabe chitetezo chenicheni ndi kusaika mitundu iwiriyi m'thumba limodzi.

Kutalika kwa chipolopolo nakonso kuwerengedwe. Pa mpope pamalembedwa 12/70 kapena 12/76, kutanthauza mamilimita a chipinda cholowa chipolopolo. Cha 76 chingathe kulowa mu mfuti ya 70 n'kutsekeka bwinobwino, koma polira chimasowa malo otambasukira, mphamvu n'kukwera kupyola muyeso. Mfuti zina zakale kwambiri ndi za 65. Chipolopolo chachifupi mu chipinda chachitali chilibe vuto, chachitali mu chipinda chachifupi n'choopsa. Zipolopolo zonyowa, zotupa, zadzimbiri, ndi zodzazidwanso kumudzi ndi wonga wosayezedwa, zisafike m'manja mwa wophunzira.

Ena amati aphunzire ndi gogodela, poti makolo a Chikunda ankapha nazo njovu m'chigwa cha Zambezi. Zoona, koma gogodela za masiku ano n'zosula ndi mipope ya madzi imene siidapangidwire moto wa wonga, ndipo palibe amadziwa tsiku limene idzaphulike. Mfuti ya kufakitale imayesedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse isanagulitsidwe, n'kudindidwa chizindikiro. Gogodela imayesedwa ndi nkhope ya mwini wake. Ilibenso chiphaso.

Masiku oyamba

Phunziro loyamba lilibe chipolopolo. Wophunzira adziwe kutsegula, kusuzumira mumpope ngati mulibe dothi kapena chisa cha mavu, kutseka, ndi kuyenda nayo mfuti ili yothyola. Kukamwa kwa mfuti kusaloze munthu ngakhale ili yopanda kanthu. Chala chikhale kunja mpaka nthawi yowombera. Powoloka mtsinje, podumpha ngalande, polowa m'mudzi, chipolopolo chituluke.

Aonenso diso limene limatsogolera. Aloze mtengo wakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenaka atsinzine limodzilimodzi. Diso limene likatsala lotsegula chala chimakhalabe pa mtengo ndilo lotsogolera, ndipo mfuti iyenera kupita paphewa la mbali imeneyo. Alipo anthu a dzanja lamanja amene diso lawo lotsogolera ndi lamanzere. Oterewa amaphonya chaka chonse, anzawo n'kumawaseka, pamene chofunika chidali kusintha phewa pa tsiku loyamba.

Kaimidwe ndi kofanana ndi ka munthu wokankha ngolo: mwendo umodzi kutsogolo, thupi kuweramira kutsogolo pang'ono, thabwa lokanikizidwa m'dzenje la phewa, tsaya pa thabwa. Makutu atsekedwe ndi zotsekera zogula, za mphunzitsi ndi za wophunzira yemwe. Kulira kumodzi kwa chifefe kungathe kuononga khutu mpaka kalekale, ndipo alenje ambiri okalamba amene samva bwino adagonthera pamenepa. Mantha ambiri a wophunzira amachokeranso ku phokoso. Makutu akatsekedwa, theche lomwelo limaoneka laling'ono.

Kuwombera koyamba kukhale pa katoni yaikulu yoimikidwa patsinde pa chulu kapena phiri, pa mamita 20. Katoniyo imaonetsa kumene machaka akugwera ndi mmene akumwazikira. Ibwerezedwe pa mamita 30 ndi 40, kuti wophunzira aone ndi maso ake pamene mfuti yake imathera mphamvu. Zipolopolo zisanu pa tsiku zakwana. Mphunzitsi aime kumbuyo kwa phewa la wophunzira, zipolopolo zili m'thumba la mphunzitsiyo, azipereka chimodzichimodzi. Chikakana kulira, mfuti ikhalebe yoloza kutsogolo kwa theka la mphindi isanatsegulidwe, chifukwa china chimachedwa kuyaka.

Machaka ang'onoang'ono amapha mbalame pa mamita 30, koma amauluka mamita opitirira 200 ndipo angathe kuboola diso la munthu. Kuseri kwa tchire kumene kwagwedezeka kungakhale mayi wotola nkhuni kapena mwana woweta mbuzi. Chimene sichinaoneke mutu ndi mchira sichiwomberedwa. Ndipo tsiku la kachasu mfuti imagona m'nyumba.

Nguluwe si ya wophunzira. Imafuna machaka akuluakulu amene theche lake n'loopsa, imabwera usiku, ndipo ikavulala imatembenukira mlenje. Njovu, mvuu ndi njati zikalowa m'minda, nkhani ipite kwa mfumu ndi ku ofesi ya boma yoona za ulimi ndi nyama, kuti atumize alonda a nyama. Njovu yolasidwa ndi chifefe siifa, imangosanduka yolusa, ndipo amene amalipira ndi munthu wina wosalakwa panjira ya kumadzi. Nyamazi zilinso ndi phindu lake ku mudzi. Ntchito ya Tchuma Tchato, imene idayambira ku Bawa m'boma la Mágoè mu 1994, idaonetsa kuti ndalama zimene alenje achilendo amalipira zingathe kufika kwa eni dera.

Nyama ikaphedwa, machaka achotsedwe pamodzi ndi mnofu wozungulira bala, pakuti mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Mfuti ikabwerera kunyumba ipukutidwe, itsekeredwe ndi loko, zipolopolo zisungidwe pena, makiyi akhale ndi mwini chiphaso.

Banja limene likufuna mlowam'malo wa mlenje wake lili ndi zoyeza zinayi lisanatulutse ndalama: pepala la kupolisi, kutalika kwa mpini, kulemera kwa mfuti, ndi magalamu olembedwa pa bokosi la zipolopolo. Zinayizi zikakhala bwino, mnyamata amawombera maso ali otsegula, ndipo bambo ake angathe kukhala pansi pa mtengo podziwa kuti munda uli ndi mlonda, ndi kuti oyenda m'njira ya kumunda adzafika kwawo amoyo.